Yanky ndi Hydra pa Neovim: Kodi Mapulagini Awiriwa Ndi Oyenera Kuwaika?

Aliyense amene wagwirapo ntchito kwa kanthawi ndi Vim kapena Neovim, mapulogalamu olembera mawu ndi khodi, amalidziwa bwino vuto ili. Mwakopera mzere ndi yy, mwatsikira pamene mukufuna kuuika, mwapeza kuti pamalopo pali mzere wakale woyenera kuchotsedwa kaye, mwauchotsa ndi dd, ndipo mutadina p chimene chatuluka ndi mzere umene mwangochotsawo, osati umene munakopera uja. Pulogalamuyo sinalakwitse kanthu, chifukwa mu Vim kufufuta ndi kudula ndi chinthu chimodzi, ndipo chilichonse chimene mwachotsa chimalowa mu rejisita (malo osungirako mawu kwa kanthawi) yopanda dzina, yomwenso ndi imene batani la p limatengamo zoti limate. Khalidwe limeneli linachokera ku vi, imene Bill Joy analemba mu 1976, ndipo Bram Moolenaar analisunga pamene ankatulutsa Vim mu 1991. Neovim, imene inapatuka ku Vim mu 2014, nayonso sinalisinthe. Mapulagini (timapulogalamu towonjezera pa Neovim) awiri amene ndikuwaunika pano, yanky.nvim ndi hydra.nvim, onse ndi aulere ndipo analembedwa m'chinenero cha Lua. Yoyambayo imasunga mndandanda wa zonse zimene mwakopera ndi kudula, pamene yachiwiriyo imakulolani kupanga ma mode anuanu owonjezera pa amene Neovim ili nawo kale (mode ndi mkhalidwe umene umanena ntchito imene batani lililonse likugwira pa nthawiyo). Kwa ine, yanky ndi yothandiza pafupifupi aliyense amene amalemba kwambiri, bola aikonze bwino pa nkhani ya zinsinsi, koma hydra phindu lake limaoneka pa ntchito zochepa chabe ndipo imatha kukhala mtolo kwa munthu amene waigwiritsa ntchito mopyola muyezo.

Si bwino kuyamikira pulagini tisanaone zimene pulogalamu yeniyeniyo imachita kale payokha. Vim ili ndi marejisita ambiri ndithu. Rejisita 0 imasunga chimene mwakopera komaliza, ndipo kufufuta sikuikhudza, kotero yankho la vuto lomwe ndayamba nalo lija ndi kungolemba "0p. Marejisita 1 mpaka 9 amasunga zimene mwafufuta zokwana mzere wathunthu kapena kuposerapo, ndipo mukafufuta china chatsopano zakale zija zimasunthira kutsogolo mpaka chimene chinali mu 9 chitatayika. Zofufuta zing'onozing'ono za mkati mwa mzere zimapita ku rejisita ya chizindikiro cha -, pamene marejisita a mpaka z ndi anu oti muikemo zimene mukufuna, ndipo mukalemba dzina lake ndi chilembo chachikulu mawu atsopanowo amawonjezeredwa pa amene analimo kale m'malo mowafufuta. Palinso rejisita ya chizindikiro cha _ imene imangomeza zinthu osazisunga, ndi ya + imene imalumikizana ndi clipboard ya kompyuta yonse. Lamulo la :registers limaonetsa zonsezi nthawi imodzi. Matembenuzidwe atsopano a Vim ndi Neovim anawonjezeranso kanthu kabwino, koti mukasankha mawu mu visual mode n'kudina P wamkulu, mawu amene mwasankhawo amalowedwa m'malo popanda kusokoneza zimene zili mu rejisita yopanda dzina.

Dongosolo limeneli ndi lamphamvu, koma lili ndi mpata waukulu umodzi. Zofufuta zili ndi mzere wake wa malo 9, pamene zokopera zili ndi malo amodzi okha, kotero mukakopera kawiri motsatizana choyamba chija chapita, pokhapokha mutaganiziratu zochipatsa dzina. Apa m'pamene pali vuto lenileni, chifukwa marejisita okhala ndi mayina amafuna kuti munthu adziwiretu kuti chinthu adzachifunanso pambuyo pake, chonsecho nthawi zambiri timazindikira zimenezi mochedwa, titakopera kale zina zitatu pamwamba pake.

Anthu a Emacs, pulogalamu inanso yolembera, anathana nalo kalekale vutoli ndi chimene amachitcha kill ring. Kumeneko chilichonse chimene mwadula kapena kukopera chimalowa mu mndandanda umodzi, Ctrl-Y imamata chomaliza, ndipo mukadina Alt-Y pompo mawu amene mwamatawo amasinthidwa ndi amene anabwera m'mbuyo mwake, kenako ena a m'mbuyonso, mpaka mutapeza amene mukufuna. Mapulogalamu ena olembera nawo ali ndi njira zawo: Sublime Text ili ndi Ctrl+K kenako Ctrl+V, mapulogalamu a JetBrains ali ndi Ctrl+Shift+V, ndipo Windows 10 kuyambira mu 2018 ili ndi Win+V imene imasunga zinthu zokwana 25. Ku Vim ganizo la Emacs lija linabwera ndi YankRing ya David Fishburn, imene inatumikira anthu kwa zaka zambiri. Pa nthawi imeneyo panalibe njira yosavuta yoti pulagini idziwe kuti munthu wakopera kanthu, ndiye YankRing inkayenera kulanda mabatani ambiri monga y, d, c ndi x n'kuwadutsitsa mwa iyo, zomwe zinkachititsa kuti nthawi zina iwombane ndi mapulagini ena ofuna mabatani omwewo. Zinthu zinasintha pamene kunabwera TextYankPost, chizindikiro chimene pulogalamuyo imapereka yokha nthawi iliyonse mawu akalowa mu rejisita. Mapulagini atsopano monga vim-yoink ndi yanky amangomvetsera chizindikiro chimenechi, ndipo n'chifukwa chake sasokoneza kwambiri zina zimene mwaika kale.

Kuika yanky sikuvuta. Ndi lazy.nvim, pulagini yoikira mapulagini ena, ndi mizere yochepa chabe, ndipo amene amagwiritsa ntchito LazyVim, yomwe ndi Neovim yokonzedweratu ndi mapulagini ake, aipeza kale pa mndandanda wa zowonjezera zoti angoyatsa. Chofunika kudziwa n'chakuti pulaginiyi siimanga yokha batani lililonse, kotero muyenera kulemba nokha kuti p ndi P azidutsa mwa yanky, ndiponso kusankha mabatani awiri oyendera mu mndandandawo. Ambiri amasankha Ctrl-P ndi Ctrl-N, ndipo chisankhochi n'chanzeru, popeza mu normal mode mabatani awiriwa amangobwereza ntchito ya k ndi j, ndiye palibe chimene mukutaya, kupatula ngati Ctrl-P munaipereka kale ku pulagini yofufuzira mafayilo.

Taonani mmene zimakhalira pa ntchito yeniyeni. Tinene kuti mukusamutsa zinthu zitatu kuchoka m'fayilo imodzi kupita ku ina: dzina la function, mzere woitanira library, ndi ndime yofotokozera. Popanda yanky mumayenera kupita ndi kubwerera katatu, kapena kukumbukira kulemba "ayiw, "byy ndi "cyap musanakopere chilichonse. Ndi yanky mumangokopera zitatu zonsezo motsatizana mwa nthawi zonse, n'kupita ku fayilo inayo. Mukadina p imatuluka ndime ija, chifukwa ndiyo inali yomaliza. Ngati pamalopo mumafuna dzina la function, mumadina Ctrl-P kawiri ndipo mawu amene ali pamenepo amasintha mukuona, osasiya zinyalala zoti muzifufutenso. Mawu amene angomatidwa amawala kwa kanthawi kochepa, zimene zimathandiza kwambiri pamene mwamata mizere yofanana ndi imene yazungulira malowo. Kuyenda kumeneku kumatheka pokhapokha musanasinthe china m'fayilomo, ndipo mukhoza kukonza kuti kuzitha mukangosuntha cursor, ngakhale ine ndimaona kuti mmene anakonzera poyamba m'pabwino kale.

Ngati chimene mukufuna chili kutali, kudina Ctrl-P kakhumi sikuthandiza, ndiye pali lamulo la :YankyRingHistory limene limatsegula mndandanda wonse, womwe umasunga zinthu 100 mukapanda kusintha chiwerengerocho. Amene ali ndi Telescope, pulagini yofufuzira zinthu, amatha kufufuza mu mndandandawo polemba mawu ochepa amene akuwakumbukira. Palinso mabatani ena omatira mwapadera, monga kukakamiza kuti mawu amatidwe ngati mzere wathunthu pansi kapena pamwamba, kapena kuti alowe m'kati mofanana ndi mizere yoyandikana nayo, zomwe olemba Python ndi YAML angaziyamikire chifukwa kumeneko mpata wa kumayambiriro kwa mzere uli ndi tanthauzo. Kanthu kena kakang'ono koma kosangalatsa n'koti yanky imatha kusunga cursor pamene inali mukamakopera, m'malo moibwezera kumayambiriro kwa ndime monga Vim imachitira mukalemba yip.

Zodandaulitsa zilipo ziwiri, ndipo yachiwiriyo ndi yaikulu. Yoyamba ndi yakuti yanky, mmene imabwerera, imalemba mndandanda wake mu marejisita 1 mpaka 9. Ubwino wake ndi woti "3p imakupatsani chinthu cha mu mndandandawo popanda kutsegula kalikonse, koma munthu amene anazolowera kuti marejisita amenewa amasunga zofufuta zokha adzadabwa kupezamo zokopera. Amene ali ndi chizolowezi chakalecho angachite bwino kuzimitsa sync_with_numbered_registers.

Nkhani yachiwiri ndi ya zinsinsi, ndipo ndikuona kuti anthu ambiri amene amayamikira mapulagini a mtundu umenewu saikambapo mokwanira. Yanky imasunga mndandanda wake mu ShaDa, fayilo imene Neovim imasungiramo marejisita, malamulo amene munalemba ndi malo amene munasiyira m'mafayilo, yomwe pa Linux imapezeka mu ~/.local/state/nvim/shada. Fayilo imeneyi sinabisidwe ndi kiyi iliyonse, kotero aliyense amene angathe kuitsegula angathenso kuwerenga zili m'katimo. Kuwonjezera apo, yanky imayang'ana clipboard ya kompyuta nthawi iliyonse mukabwerera pa windo la Neovim, ndipo ikapeza kuti mwalowa china chatsopano imachiika mu mndandanda wake. Izi ndi zabwino pamene mwakopera khodi kuchokera pa intaneti, koma zikutanthauzanso kuti mukakopera pasiwedi kuchokera ku pulogalamu yosungira mapasiwedi n'kudutsa pa Neovim, pasiwediyo ikhoza kulowa mu mndandanda n'kukalembedwa pa disiki. Mapulogalamu osungira mapasiwedi amafufuta clipboard pakapita masekondi angapo, koma sadziwa kuti pulagini ina yatengako kale kope. Chimodzimodzinso ndi makiyi a API amene mwakopera m'fayilo ya .env. Njira zodzitetezera zilipo ndipo n'zosavuta: kusintha storage kuti ikhale memory, kuti mndandanda uzitha mukatseka Neovim, kapena kuzimitsa sync_with_ring kuti zakunja zisamalowe zokha. Pa kompyuta ya kuntchito, ndiponso pa seva imene anthu angapo amalowapo, ndingalangize kuchita zonse ziwiri. Mumataya mwayi wopeza zimene munakopera dzulo, koma kunena zoona si kawirikawiri pamene munthu amafunadi zimenezo.

Amene amagwiritsa ntchito Neovim m'kati mwa tmux, pulogalamu yogawa terminal m'mawindo angapo, adziwenso kuti kulumikizana ndi clipboard kumeneku kumadalira kuti terminal izinena pamene windo lalandira kapena kutaya chidwi, choncho pamafunika kuyatsa focus-events mu tmux. Pa Linux pamafunikanso xclip, xsel kapena wl-clipboard kuti rejisita ya + igwire ntchito n'komwe, ndipo zimenezi si za yanky koma za Neovim yeniyeniyo.

Mpikisano wake wapafupi ndi nvim-neoclip, imene nayonso imasunga mndandanda ndipo imawonjezera mbiri ya ma macro, ndiye kuti mabatani otsatizana amene munajambula kuti muziwabwereza, chinthu chimene chili ndi phindu lake. Kusiyana kwake n'koti neoclip imadalira kwambiri kutsegula windo losankhiramo, pamene mphamvu ya yanky ili pa kusintha mawu pomwepo mutangomata. Popeza nthawi zambiri chimene munthu akufuna chimakhala chachiwiri kapena chachitatu kuchokera kumapeto, njira ya yanky ndi imene imafulumira. Amene sakufuna mndandanda watsopano koma kungoona marejisita a Vim mosavuta angakhutire ndi vim-peekaboo, imene imawaonetsa pambali mukangodina chizindikiro cha ".

Tsopano hydra. Ganizo lake linachokeranso ku Emacs, kumene Oleh Krehel analemba pulagini ya dzina lomweli, ndipo ku Vim kunali kale vim-submode imene inkachita zofananako. Vuto limene imathetsa ndi la malamulo amene amayamba ndi batani lofanana ndipo amafunika kubwerezedwa. Chitsanzo chodziwika ndi kukulitsa windo. Mu Neovim mumadina Ctrl-W kenako >, ndipo windolo limakula ndi kachigawo kamodzi kokha. N'zoona kuti mukhoza kulemba nambala patsogolo kuti likule ndi zigawo 10 nthawi imodzi, koma munthu sadziwiratu nambala yoyenera, amangofuna kukankha malirewo pang'onopang'ono mpaka maso atakhutira. Ndi hydra mumalemba kuti thupi lake, batani loyambira, ndi Ctrl-W ndipo mitu yake, mabatani otsatira, ndi >, <, + ndi -, kotero mukadina Ctrl-W ndi > koyamba mwalowa mu mode yatsopano mmene mabatani anayiwo amagwira okha popanda kuyambanso ndi Ctrl-W. Pansi pa sikirini pamaoneka kabokosi kokukumbutsani mabatani amene alipo, ndipo mukadina batani lina lililonse mode ija imatha n'kubwerera mwakale. Chimodzimodzinso ndi zh ndi zl, oyendetsera fayilo cham'mbali pamene mizere ndi yaitali kuposa sikirini.

Chimene chimasiyanitsa hydra ndi zinzake ndi mitundu isanu imene imanena mmene mode ikhalire. Yofiira, red, ndi imene ndafotokozayi, yomwe imapitirira mukamadina mitu yake n'kutha mukadina batani lachilendo. Ya blue imatha mukangodina mutu umodzi, ndiye kwenikweni ndi menyu chabe. Ya amaranth imakana mabatani achilendo ndipo simutulukamo pokhapokha mutadina batani lotulukira limene munakonza, pamene teal imakananso achilendowo koma imatha mukasankha mutu. Ya pink ndiyo yosangalatsa kwambiri, chifukwa imalola mabatani ena onse kugwira ntchito yawo ya masiku onse uku mode ikupitirira. Mayina amenewa sauza munthu kanthu ndipo poyamba amasokoneza, koma kusiyanitsa kwakeko n'kofunikadi.

Ubwino wa pink umaoneka bwino pa ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kuunika zosintha za Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha za m'mafayilo, musanazitumize. Pamodzi ndi gitsigns, pulagini yoonetsa zosinthazo, mukhoza kupanga mode mmene J amakupititsani ku chosintha chotsatira, K ku cham'mbuyo, s amachivomereza, ndipo p amaonetsa mmene mzerewo unalili kale, koma j, k, / ndi mabatani ena oyendera amagwirabe ntchito, kotero mukhoza kuyang'ana uku ndi uku osatuluka. Yachiwiri ndi kufufuza zolakwika mu khodi ndi nvim-dap, kumene munthu amadina lamulo lopita ku mzere wotsatira kambirimbiri motsatizana, ndipo kuchepetsa mabatani atatu kukhala limodzi kumapeputsadi dzanja. Hydra ilinso ndi on_enter ndi on_exit, zokulolani kusintha zinthu polowa ndi kuzibwezeretsa potuluka, mwachitsanzo kuletsa kuti fayilo isasinthidwe mwangozi pamene mukungoiunika.

Komabe mtengo wake si wochepa. Vuto lalikulu la pulogalamu iliyonse ya ma mode ndi kuiwala kuti muli mu mode iti, ndipo mode iliyonse imene mwawonjezera imakulitsa vutoli. Mu chitsanzo cha Git chija, s ndi p ataya ntchito yawo ya masiku onse, ndiye munthu amene waiwala kutuluka n'kudina s pofuna kusintha chilembo amapezeka kuti wavomereza chosintha chimene sanachiwerenge. Kabokosi kokumbutsa kaja kamathandiza, koma maso a munthu amene akulemba amakhala pa cursor, osati pansi pa sikirini. Amene akufuna mode ya pink kapena amaranth ayenera kuchititsa kuti mtundu wa statusline kapena wa cursor uzisintha akalowamo, ndipo imeneyi ndi ntchito ina yowonjezera. Kulemba kabokosi kokumbutsako mwaudongo kumatenganso nthawi, chifukwa mumakajambula nokha ndi zilembo, ndipo mukasintha batani limodzi muyenera kukakonzanso. Palinso nkhani ya timeoutlen, imene mu Neovim imayambira pa mamilisekondi 1000: ngati mutu wina ndi chiyambi cha mutu winanso, monga g ndi gg, pulogalamuyo imadikira sekondi yathunthu isanadziwe chimene mukufuna, ndipo mode imene munaipanga kuti mufulumire imayamba kukuchedwetsani. Amene akufuna kuiika adziwenso kuti ntchito yoisamalira ikupitirizidwa ndi gulu la nvimtools, choncho ndi bwino kutenga ya kumeneko osati yoyambirira ija.

Funso lina ndi lakuti kodi pulagini yapadera ikufunikabe. Which-key, pulagini yoonetsa menyu ya mabatani imene anthu ambiri ali nayo kale, kuyambira pa mtundu wake wachitatu imatha kusiya menyu ili yotsegula kuti mubwereze malamulo, ndipo mini.clue imachitanso zofanana pogwiritsa ntchito postkeys. Pa nkhani ya mawindo ndi kuyendetsa fayilo cham'mbali, zimenezi n'zokwanira ndithu, ndipo kuika hydra chifukwa cha ntchito ziwirizi zokha kuli ngati kugula khasu latsopano pofuna kuzula udzu umodzi. Mapulogalamu ena anaona kufunika kwa ganizoli n'kuliika m'kati mwawo: Kakoune ili ndi declare-user-mode, ndipo Emacs 28 inabwera ndi repeat-mode komanso Transient, imene inayambira mu Magit. Neovim ilibe chotere mwa iyo yokha, ndiye hydra imakhalabe ndi malo ake kwa munthu amene akufuna mode yokhalitsa yolola mabatani ena kugwira ntchito.

Chinthu china chimene chimaonekera mukaika awiriwa pamodzi n'chakuti kuyenda mu mndandanda wa yanky nakonso ndi mode yaing'ono, imene imayamba mukamata ndi kutha mukasintha china. Anthu ena amalumikiza ziwirizi, kuti akadina p alowe mu hydra yofiira mmene batani limodzi limabwerera m'mbuyo ndipo lina limapita kutsogolo, potero n'kumasula Ctrl-P ndi Ctrl-N kuti azigwira ntchito zina. Zimatheka ndithu, koma sindikuzilimbikitsa, chifukwa p ndi batani limene mumalidina kosawerengeka pa tsiku, ndipo batani lililonse limene mwalisandutsa mutu wa hydra imeneyo limasiya kuchita zimene dzanja lanu linazolowera pa nthawi yeniyeni imene mwangomata ndipo mukufuna kupitiriza kulemba. Ngati Ctrl-P ili ndi ntchito kale, ndi bwino kupatsa yanky mabatani ena awiri okhazikika, monga [y ndi ]y amene LazyVim imagwiritsa ntchito, ndi kusiya hydra kuti izisamalira Git ndi nvim-dap basi.